Zachipatala cha mishoni kwathu: tiyambe ndi kachalichi kapena nyumba ya namwino?

Wapampando: Moni nonse abale. A mpingo avomera kutsegula chipatala chaching'ono pamalo aja anapereka a gulupu kuseri kwa sukulu. Chipatalacho amanga okha, zipangizo ndi mankhwala oyambira abweretsanso okha. Ife atipempha kuti pa ndalama tasonkhazi timangepo chimodzi: kachalichi kopemphereramo odwala kapena nyumba ya namwino. Zonse ziwiri thumba silingakwanitse. Tiyeni timve maganizo.

Mkulu wa mpingo: Zikomo a wapampando. Ine ndiye kachalichi basi. Chipatala cha mishoni si golosale ya mapiritsi ayi. Dr Robert Laws atafika ku Cape Maclear mu 1875 anali dokotala, analinso mbusa, ndipo ntchito ziwirizi sanazilekanitse. Chipatala cha Nkhoma chinayamba mu 1915 m'manja mwa mpingo, mpaka lero anthu amachokera kutali kukachitidwa maso kumeneko. Malamulo, Mua, St Luke's ku Malosa, onsewa anamera pa mpingo. Tikayamba ndi kuiwala Mwini wake, tidzasiyana pati ndi chipatala cha boma?

Namwino wopuma: Bambo, ndakumvani ndipo kupemphera sindikukana. Ndagwira ntchito m'zipatala za mishoni mpaka imvi izi. Koma ndikuuzeni zimene zimachitika namwino akakhala wopanda nyumba pachipatala. Amakachita lendi pa tauni, m'mawa amabwera pa kabaza, ikakwana 4 koloko watseka wapita. Tsono matenda a amayi sadziwa wotchi. Mayi amafika pakati pa usiku pa ngolo, apongozi atanyamula beseni ndi zitenje, n'kupeza loko pachitseko ndi mlonda yekha akuwotha moto. Boma linaletsa azamba kubereketsa m'midzi mu 2007, ndiye mayi ameneyo apite kuti? Nyumba ikakhala pompo, mlonda amangogogoda pawindo, namwino wadzuka, wavala nsapato, watulukira ndi tochi. Komanso palibe namwino wa banja lake amene angavomere kutumizidwa kumudzi kopanda pogona. Tidzakhala ndi chipatala chokongola cha mileme.

Wa ku Johannesburg: Achemwali mwanena zoona. Koma langa ndi lina: kodi kudzakhala kulipira? Paja kumishoni sikuli ngati kuboma. Tisasonkhe marandi kuno kenako agogo akabwezedwe pakhomo chifukwa alibe ya khadi.

Msungichuma: Achimwene, kulipira kudzakhalapo, tisanamizane. Zipatala zimenezi zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo lomwe linayamba mu 1966 ndipo eni ake ndi bungwe la maepiskopi a Katolika ndi Malawi Council of Churches. Malipiro a ogwira ntchito ambiri amachokera ku boma, koma mankhwala, mafuta a ambulansi ndi magetsi chipatala chimadzipezera, n'chifukwa chake amalipiritsa. Njira yake ndi mgwirizano uja amati SLA, womwe unayamba mu 2006. Chipatala chimasayinirana ndi ofesi ya zaumoyo ya pa boma, amayi oyembekezera ndi makanda amathandizidwa ulere, bilu imapita ku boma. Koma sizibwera zokha. Chipatala chiyambe chalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo a DHO, mkulu wa ofesi ya zaumoyo ija, akhutire kuti ogwira ntchito alipodi. Apa ndiye nyumba ija yabweranso.

Mphunzitsi: Ndifunseko mosabisa. Ine ndi Msilamu, ndipo ndasonkha nawo ngati aliyense. Amayi anga akadzabwera ndi BP, adzayamba alowa m'kachalichi kenako n'kulandira mankhwala?

Mkulu wa mpingo: Ayi aphunzitsi, zimenezo kulibe. Wodwala ndi wodwala.

Mphunzitsi: Ndiye zilembedwe papepala, bambo. Inu ndimakukhulupirirani, koma abusa amasinthidwa.

Mayi wa chigwirizano: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ife amayi tikapita kukaona odwala sitifuna guwa. Timatenga kaufa, sopo ndi shuga, timakhala pansi pafupi ndi bedi, timafunsa kaye ngati wodwalayo afuna tipemphere. Ena amakana, timangocheza nawo n'kumuthandiza wodikirira wodwala kuchapa. Chimene chikundiwawa ine ndi china. Kumudzi kwathu kuli anthu anasiya ma ARV chifukwa wina anawasanjika manja n'kuwauza kuti achira, kumwa mankhwala n'kusakhulupirira. Ena tinawaika m'manda. Munthu wotere namwino akamulangiza samva, amati ameneyu ndi wa zadziko. Koma mbusa akakhala pabenchi pambali pake n'kumuuza kuti mwanawe, imwa mankhwala, Mulungu sakwiya nazo, amamva. Ndiye ine ndikanakonda tiwapemphe a mpingo atipatse mbusa kapena mlaliki wophunzitsidwa za uphungu, azibwera masiku a sikelo ndi a ma ARV. Makoma adikire.

Mkulu wa mpingo: Mayi, mwandigwira pakamwa pang'ono. Komabe mbusayo azidzakhala pati mvula ikamagwa?

Wa ku Johannesburg: Pakhonde, bambo 😂

Mlembi: Tisaseke, nkhani ndi yomweyo. Pempho langa: a mpingo akamajambula pulani akulitse khonde la odwala, pakhale mabenchi okwanira mapemphero a m'mawa, wofuna akhalepo, wosafuna adikire mbali inayo. Chinanso a wapampando, anyamata akumudzi ayamba kale kufunsa za kuumba njerwa. Auzeni adikire. Malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za mabungwe, ndiye tifunse kaye ku khonsolo ngati nyumbayi ikugwera momwemo. Ikakhala ya mabuloko a simenti bajeti isintha.

Mkulu wa mpingo: Chabwino, voti yanga ikhalabe ya kachalichi, mulembe choncho. Koma mukapambana a nyumba, thumba lotsatira ndi langa.

Wapampando: Talemba bambo. Voti tiika pano Loweruka madzulo. A mlembi, lembani kalata ku mpingo ndi mfundo zitatu: SLA, mbusa wa uphungu, ndi ija ya aphunzitsi. Mayi namwino, mutiperekeze kwa a DHO, inu ndi amene mumadziwa khomo lake.

Msungichuma: Ndipo amene simunapereke za mwezi watha, voti yanu sindiwerenga. Mukudzidziwa.