Ma test akudutsa koma SMS za queue zikupita katatu, ndithandizeni

wa_ku_Kasungu:
Akuluakulu muli bwanji. Ndinapangira gulu la banki m'khonde kuno ku Kasungu ka system pa Laravel (framework ya PHP), m'mawa uliwonse 7 koloko scheduler imaponya pa queue (mzere wa ntchito zodikira) job yotumiza SMS kwa amene tsiku lobweza ngongole layandikira. Ma test onse amadutsa bwinobwino, ndimagwiritsa Queue::fake() ndi assertPushed. Koma titaika pa seva meseji ikumafika 9 koloko, ndiye dzana mayi wina wa ku Chamama wabwera ndi foni yake ya mabatani kundionetsa meseji imodzimodziyo katatu, amaganiza kuti ngongole yachulukitsidwa, anali ndi nkhawa zedi ndipo zinandikhudza. Zinthu zimenezi mumazitesita bwanji kuti zisamatulukire kwa anthu?

mlongo_wa_PHP:
Za 9 kolokozo ndi timezone achimwene. Laravel imabwera ili pa UTC ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri. Onjezani ->timezone('Africa/Blantyre') pa schedule yanuyo kenako php artisan schedule:list muone nthawi yomwe ikunena.

mkulu_wa_ku_Mchinji:
Za nthawi mlongoyu wanena zoona. Koma za katatuzo ndi zimene ndikufuna tikambirane bwino chifukwa apa ndi ndalama za anthu.

Queue::fake() imangokuuzani kuti job yaima pamzere basi, zomwe zili mu handle() siziyenda n'komwe. Komanso phpunit.xml imabwera ndi QUEUE_CONNECTION=sync, ndiye ngakhale musafeke, job imayenda pompopompo, palibe worker (pulogalamu yotenga ma job pamzere nkumawayendetsa), palibe retry. Pa seva ndi nkhani ina. Ndikuganiza kuti muli ndi job imodzi yomwe ikuzungulira mamembala onse, eti? Netiweki ikadula pa munthu wa 40 job imagwa, worker nkuiyambanso kuchokera kwa munthu woyamba, ndiye amene ali kumayambiriro kwa mndandanda amalandira nthawi iliyonse ikabwereza, ngati munaika --tries=3 katatu kanu ndi kameneko.

Ine ndimapanga job imodzi pa munthu mmodzi, ndipo isanatumize imalemba kaye mu table ina member_id ndi tsiku, zili unique, ikapeza kuti zalembedwa kale ingotuluka. Test yake ndi yophweka, Http::fake(), itanani handle() kawiri pa munthu yemweyo, kenako Http::assertSentCount(1). Test imeneyi ndiyofunika kuposa ena onse mwalembawo. Lembaninso ina yoti gateway yotumizira SMS ibweze error 500 muone ngati zomwe zalembedwa mu table zija zikufufutidwa, apo ayi munthuyo sadzalandira ngakhale job ibwereze.

Muonenso config/queue.php, retry_after imakhala 90 seconds ndipo timeout ya worker ndi 60. Mukakweza timeout kupitirira retry_after job imatha kutengedwanso isanathe koyambako.

wa_ku_Kasungu:
Bwana mwalasa, ndi foreach imodzi ndipo mu Supervisor, yomwe imayendetsa worker, muli --tries=3, mayi aja ndi wachiwiri pa mndandanda. Nanga schedule yeniyeniyo ndingaitesite osadikira kuti kuche?

mlongo_wa_PHP:
Eya zimatheka. Mu test chitani $this->travelTo() kupita 05:00 UTC, imeneyo ndi 7 koloko yathu, Queue::fake(), kenako $this->artisan('schedule:run') ndi assertPushed. Chitaninso pa 07:00 UTC ndi assertNothingPushed kuti vuto lakale lija lisabwerere. Ndipo mukaika code yatsopano pa seva musaiwale queue:restart, worker imasunga code yakale mu memory, ine ndinataya tsiku lonse ndikufufuza bug yomwe ndinali nditakonza kale.

wa_ku_Kasungu:
Zikomo nonse. Test ya handle() kawiri ndailemba ndipo yagwa, ikuti 2 m'malo mwa 1, nde ndikukonza usiku uno. Loweruka gulu likukumana, ndikawafotokozera mayi aja pamaso pa anzawo kuti ngongole yawo sinasinthe.