Mwana wanga wakhwatchidwa pa indirect speech, walakwitsa pati?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi wabwera ndi kope lofiira ndi inki ya aphunzitsi. Anapatsidwa ziganizo zisanu kuti azisinthe kuchoka mu direct speech kupita mu indirect speech, wakhoza chimodzi chokha. Usiku wathawu tinakhala pa tebulo, iye misozi ili lengelenge, ine ndikuwerenga kangapo osaona cholakwa. Zomwe zandizunguza mutu ndi ziwiri.

She said, "I am leaving tomorrow." Iye analemba: She said that she is leaving tomorrow.

He asked me, "Where do you live?" Analemba: He asked me where do I live?

Kwa ine zonsezi zikumveka bwino. Vuto lili pati?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, mwanayo musamukalipire, wachita kuganiza m'Chichewa. Ife timati "Anati akunyamuka mawa", mneni osasintha. Chingerezi chili ndi khalidwe lina. Mneni woyambayo akakhala wa nthawi yakale, monga said kapena asked, mneni wa mawu olankhulidwawo amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Am leaving amasanduka was leaving, have finished amasanduka had finished, will amakhala would, can amakhala could, may amakhala might. Koma would, could, should ndi might musawagwire, amakhala momwe alili.

Mawu a nthawi ndi malo nawonso amasuntha, chifukwa wofotokozayo sali pa tsiku lomwelo kapena pamalo pomwepo. Mawa la dzana si mawa la lero. N'chifukwa chake tomorrow amasanduka the next day, yesterday amasanduka the day before, here amasanduka there. Choncho aphunzitsi amafuna: She said that she was leaving the next day.

Chachiwiricho ndi chomwe ana anga ambiri ankagwerapo. Funso ukalifotokoza silikhalanso funso. Do amachoka, mfunsiro umachoka, mawu amayalidwa ngati chiganizo wamba: He asked me where I lived. Funso likakhala loyankhidwa ndi inde kapena ayi, ikani if kapena whether. "Are you ready?" amakhala She asked if I was ready, osati was I ready.

Woyankha wachiwiri:
Aphunzitsi, zonse mwanenazo ndi zoona, koma chiganizo choyambacho ine chikundipweteka. Mwanayo sanalembe Chingerezi cholakwika ayi. Munthu akandiuza mmawa uno kuti akunyamuka mawa, ine n'kukauza wina madzulo ano, She said she is leaving tomorrow ndi zolondola ndithu, poti mawalo silinafike. Ndikati the next day ndiye ndamusokoneza womverayo. Chimodzimodzi zinthu zosasintha: The teacher said that water boils at 100 degrees. Madzi sanasiye kuwira pa 100. Ana tiziwauza chifukwa cha lamulo, asamangoloweza tebulo.

Mphunzitsi wopuma:
Mwanena zoona, achimwene. Kungoti pa mayeso sauza mwana kuti mawuwo akufotokozedwa liti, ndiye wochonga amatenga kuti nthawi yadutsa. Njira yotetezeka ndi kubweza mneni. Akakhala says m'malo mwa said, pamenepo asabweze kanthu, asinthe alowam'malo okha.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndamuwerengera zonse, ndipo zoti choyambacho sichinali chopanda nzeru zamutsitsa mtima. Wakonza yekha zitatu. Chatsala ichi: The doctor said to him, "Don't run." Walemba The doctor told him not to run, koma akukayika ngati said to angasanduke told.

Mphunzitsi wopuma:
Wakhoza. Lamulo limatenga told, kenako wouzidwayo, kenako to kapena not to. Angokumbukira kuti told sayenda yekha: told him, told me. Said ndiye safuna munthu pambuyo pake popanda to, said him kulibe.