Funso: maganizo athu pa misonkho tiwafikitse bwanji ku Unduna wa Zachuma?

Akuluakulu anzanga owerengera ndalama ndi eni mabizinesi kuno ku Zomba, ndithandizeni nzeru. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo, unduna umamva maganizo a anthu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ife a ku Zomba tingapereke bwanji athu mwadongosolo?

Nkhani yondidetsa nkhawa kwambiri ndi withholding tax, msonkho umene wogula amadula pa malipiro a wogulitsa n'kuupereka ku boma. Msonkhowu umadulidwa pa ndalama yonse ya invoisi, osati pa phindu. Wogulitsa chimanga kapena nyemba kusukulu ndi kuzipatala phindu lake limakhala lochepa, ndiye ndalama yodulidwayo imadya mpamba mpaka adzawerengerane ndi bungwe lotolera misonkho la MRA chaka chikatha. VAT nayo imafunika pofika pa 25 mwezi wotsatira, kaya wogula walipira kaya ayi. Amene amalemba ma return (mafomu ofotokoza msonkho ku MRA) mwezi ndi mwezi ndiwo amaziona izi, koma mawu awo safika patali.

Ndikufunsa izi. Kodi kalata ya maganizo imamveka bwino ikadzera ku ICAM (bungwe la akatswiri owerengera ndalama) kapena MCCCI (bungwe la eni mabizinesi ndi makampani), kapena gulu la amalonda a mumzinda muno lingatumize lokha? Nanga m'kalatamo tiikemo chiyani: gawo la lamulo la misonkho (Taxation Act) lofunika kusintha, mawu atsopano olowa m'malo mwake, ndi chitsanzo cha manambala? Ine ndikuona kuti dandaulo lopanda manambala silipita kutali.

Amene munalembapo, munatumiza mwezi uti, ndipo anakuyankhani?