Maso akuwotcha chisinthireni madzi otsukira ma contact lens

Membala wobisa dzina:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndavala ma contact lens ofewa, osintha mwezi ndi mwezi aja, kwa zaka ziwiri popanda vuto. Mwezi watha madzi otsukira amene ndinazolowera anasowa, ndiye ndinangogula mtundu wina. Chiyambireni, ndikangovala lens m'maso mumawotcha ngati mwalowa sopo, pofika masana mumakhala ngati mwathiridwa mchenga. Ndikavula n'kugona, m'mawa maso ayera. Ndimati mwina ndi fumbi la Okutobala, koma fumbilo chaka chathanso linalipo. Ndiulule: botolo ndi lodula, choncho madzi a m'kabokosi kosungira ma lens sinditaya, ndimangowonjezera ena pamwamba. Vuto ndi madziwo kapena ndine?

Wovala ma lens zaka zambiri:
Zonse ziwiri, achemwali. Werengani kuseri kwa botolo. Madzi ambiri amakhala ndi mankhwala opha tizilombo, ena PHMB, ena polyquaternium-1. Lens yofewa ili ngati siponji: usiku imamwa mankhwalawo, masana n'kumawalavulira m'diso. Maso ena sagwirizana ndi mtundu wina, ndipo zimatengeranso lens yomwe mukuvala. Yerekezani ndi botolo lakale lija.

Namwino wina:
Zowonjezera pamwambazo lekani lero lomwe. Kuli ngati kuthira madzi oyera m'beseni lomwe mwatsukiramo kale mbale. Mu 2006 kampani ya Bausch & Lomb inachotsa pamsika ReNu with MoistureLoc anthu atadwala maso ndi fangasi wotchedwa Fusarium ku Singapore, Hong Kong ndi America, ndipo chizolowezi chomwechi chinatchulidwa pa zomwe zinakulitsa vutolo. Tayani madzi akale m'mawa uliwonse, kabokosi kaume, ndipo kasinthidwe pa miyezi 3 iliyonse. Lens muziitikita pachikhatho ndi chala musanainyike, ngakhale botolo litanena kuti palibe chifukwa. Madzi apampopi asayandikire n'komwe: mumakhala kachilombo ka Acanthamoeba, kovuta kwambiri kuchiza. Saline, madzi a mchere aja, naye ndi wotsukuluzira chabe, sapha kanthu.

Wa ku Johannesburg:
Ine ndinasamukira ku madzi a hydrogen peroxide 3%, maso anga anapuma chifukwa akatha mphamvu satsala ndi mankhwala aja. Koma lens izikhala m'kabokosi kake komwe, kokhala ndi kachitsulo pansi kothetsa mphamvu ya peroxide, maola osachepera 6. Tsiku lina ndili ndi tulo ndinatsukuluzira lens mwachindunji n'kuvala. Ndinavina popanda ng'oma! Kamlomo kofiira pabotolo paja sanaikirepo kukongoletsa.

Bambo wina:
Koma inu, magalasi anakulakwirani chiyani?

Namwino uja:
Asekedwe bambowa koma kwa masiku angapo akunena zoona, maso apume kaye. Mukaona diso likupweteka ngakhale mutavula, kuwala kukukuthobwani, mukuona mwachimbuuzi kapena patuluka kadontho koyera pa gawo lakuda, pitani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo. Ku Blantyre kuli Lions Sight First ku Queens. Tengani lens, kabokosi ndi botolo lomwe.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ndawerenga, latsopanoli lalembedwa PHMB, lakale ndinataya kale. Kabokosi kokha ndachita manyazi, n'komwe ndinayamba nako zaka ziwiri zapitazo. Nanga ma lens omwe anyikidwa kale m'madzi amenewa nditaye, poti angotha sabata imodzi yokha?