Chigaza cha ng'ombe ndi maluwa a nsalu: O'Keeffe ankafuna tione chiyani?

Wabulashi:

Moni nonse m'nyumba muno. Ine ndakhala ndikujambula ndi penti wa acrylic, koma tsopano ndayamba kuphunzira utoto wamafuta, ndipo amene wandikokera kumeneko ndi mayi uja wa ku America, Georgia O'Keeffe. Pali chithunzi chake cha mu 1931 chotchedwa Cow's Skull with Calico Roses, chimene chimasungidwa ku Art Institute of Chicago. Ndimangochionera pafoni, koma chandigwira mtima kwambiri. Ndi chigaza cha ng'ombe choyera mbee, nyanga zake zitatambasuka, ndipo pali maluwa oyera, lina m'mwamba chapafupi ndi nyanga, lina kumusi chakumphuno. Kumbuyo nakonso n'koyera, kupatula mzere wakuda wotsika pakati. Choyera pa choyera, koma fupa likuoneka kuti ndi fupa, duwa likuoneka kuti ndi duwa.

Mafunso anga ndi awiri. Mayiyu anakhala zaka zambiri ku New Mexico, dera la mafamu oweta ng'ombe ndi mahatchi. Ndiye n'chifukwa chiyani anasiya ng'ombe yamoyo n'kumajambula mafupa? Lachiwiri ndi la luso: fupa loyera limajambulidwa bwanji ndi utoto wamafuta kuti lisaoneke ngati pulasitala? Ndinapempha chigaza kwa bambo wina wopha ng'ombe, ndinachitsuka n'kuchiyanika mpaka chinauma, koma ndikachijambula chikumatuluka chophwatalala, chopanda kulemera kwake. Odziwa ndithandizeniko.

Mphunzitsi_Wopuma:

Mwafunsa bwino achimwene. Ndiyankha loyambalo, lachiwiri ndisiyire ogwira bulashi.

O'Keeffe anabadwa mu 1887 pa famu ya ng'ombe zamkaka pafupi ndi Sun Prairie ku Wisconsin, choncho ng'ombe yamoyo sinali yachilendo kwa iye. Anaphunzitsanso zojambulajambula ku Texas, ku Amarillo kenako ku Canyon, komwe ndi kuchimake kwa ziweto. Koma pofika m'ma 1920 anali atadziwika kale ku New York ndi maluwa ake akuluakulu aja, duwa limodzi lodzaza chinsalu chonse. Mu 1929 ndi pamene anakakhala miyezi ingapo ku Taos, New Mexico. Atabwererako mu 1930 kunali chilala, maluwa anali ochepa, ndipo m'chipululu munali mafupa a ziweto zofa ali mbwee, atayera ndi dzuwa. Iye anayamba kutola mafupawo, n'kuwalongedza mumgolo, n'kuwatumiza ku Lake George m'chigawo cha New York komwe ankakhala ndi mwamuna wake Alfred Stieglitz. Chigaza mukuchionacho anachijambulira kumeneko, kutali ndi chipululu.

Kuona kwanga, sanasinthe ntchito. Zimene ankachita ndi duwa ndi zomwezo anachita ndi fupa: kutenga chinthu chimene anthu amachidutsa osachiyang'ana, kuchibweretsa pafupi, kuchikulitsa mpaka munthu n'kuima. Ng'ombe yamoyo imayenda, imagwedeza mutu, imapiringiza mchira. Chigaza chimakhala phee patebulo kwa masabata, umatha kuona mng'alu uliwonse, ndi mmene fupa la kumphuno lanyenyekera ngati pepala long'ambika. Iye mwini ankakana zoti mafupawo akuimira imfa. Ankati kwa iye ndi okongola, ndipo amamukumbutsa chipululu chimene ankachikonda.

Maluwa aja si enieni. Ndi ansalu, a mtundu umene anthu a ku New Mexico ankakongoletsera manda. Muonenso china cha chaka chomwecho, Cow's Skull: Red, White, and Blue, chili ku Metropolitan Museum ku New York. M'chithunzi chimenecho anaika chigaza pakati pa mitundu ya mbendera ya dziko lawo, panthawi imene alembi ndi ojambula ankalimbana n'kufunafuna chimene chingatchedwe chithunzi chenicheni cha America.

MwanaWaAbusa:

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma pa mfundo ya imfa ndikukanani mwaulemu. Wojambula akhoza kunena zake, koma ine woonera ndili ndi maso anga. Ndinakula ndikuweta ng'ombe, ndipo munthu amene anaonapo khola likutha ndi chilala sangaone chigaza n'kunena kuti ndi chokongola basi. Mwanena nokha kuti maluwawo ndi a pamanda. Ndiye tinene kuti palibe maliro m'chithunzimo?

Achimwene Wabulashi, ngati mukufuna ziweto zamoyo za kumadzulo kwa America, funani Charles M. Russell. Ameneyu anachoka ku St. Louis mu 1880 ali ndi zaka 16 n'kupita ku Montana, ndipo anagwira ntchito yoyang'anira mahatchi ndi ng'ombe usiku kwa zaka zambiri asanayambe kudya za bulashi. Hatchi yake ukaiona umadziwa kuti munthuyu anaikwerapo, miyendo ili pamalo pake, minofu ya m'ntchafu yakokeka mmene imakokekera hatchi ikamatembenuka mwadzidzidzi.

Chimene chinamutchukitsa chinali chaching'ono, cha utoto wamadzi. M'nyengo yozizira ya 1886 mpaka 1887 chipale chofewa chinapha ng'ombe zosawerengeka ku Montana. Eni ziweto atalemba kalata kufunsa mmene ng'ombe zawo zilili, kapitawo wa pa famupo anawatumizira kachithunzi kamene Russell anajambula: ng'ombe imodzi yowonda, nthiti zili panja, itaima m'chipale, mimbulu ikuizungulira. Kamatchedwa Waiting for a Chinook, kutanthauza kudikira mphepo yofunda imene imasungunula chipale. Kwa ine kameneko kamanena zoona za moyo wa woweta kuposa chigaza chotsukidwa bwino chopachikidwa maluwa. O'Keeffe ankakhala ku Ghost Ranch, famu ya ku New Mexico, inde, anagulako nyumba mu 1940, koma sanali woweta. Anali mlendo wokonda mapiri ndi kuwala kwa kumeneko.

MayiWaUtoto:

Ine ndilowa pa funso la utoto, poti ndi limene ndimadyera.

Mwanangu, chigaza chanu chikuphwatalala chifukwa mukutenga choyera cha m'chubu n'kupaka paliponse. Fupa si loyera. Liikeni pafupi ndi pepala loyera muone: pamphumi ndi lachikasu pang'ono, m'mbali mwa nyanga ndi lotuwa, m'mabowo a maso muli bulauni wakuda amene amatsala ndi kabuluu m'mphepete. Choyera chenichenicho chisungeni, mudzachipake komalizira pa malo awiri kapena atatu okha pamene kuwala kwagunda mwamphamvu.

Chitani chonchi. Chinsalu chanu chiyambe chapakidwa gesso, penti woyera wokonzera chinsalu, chiume. Kenako chipakeni chonse burnt umber (utoto wa bulauni wakuda) wosungunula kwambiri ndi turpentine, kuti musayambire pa choyera. Mtundu umenewu umauma msanga, mawa lake mukhoza kupitiriza. Jambulani mithunzi kaye, mabowo a maso, mphako ya mphuno, kunsi kwa nyanga. Mukatero sakanizani mitundu itatu ya fupa: titanium white (woyera) ndi yellow ochre (wachikasu) pang'ono pa mbali yowala, white ndi umber pa mbali yapakati, white ndi umber ndi ultramarine (wabuluu) pa mbali ya mthunzi. Mbali yowala ikhale yofunda, ya mthunzi ikhale yozizira, fupa lidzatukuka lokha.

Kuwala kuchokere mbali imodzi. Tsekani chitseko, siyani zenera limodzi, ndipo muzijambula nthawi yofanana tsiku lililonse.

Lamulo lina musaliphwanye: utoto wapansi ukhale wa mafuta ochepa, wapamwamba wa mafuta ambiri. Utoto wamafuta suuma ngati acrylic amene madzi amangouluka. Mafuta a linseed, amene ali mu utotowu, amalimba pang'onopang'ono akamakoka mpweya, ndiye mukaika wouma msanga pamwamba pa wochedwa kuuma, patapita nthawi chithunzi chimang'ambika. Titanium white ndi mmodzi mwa ochedwa, mumupatse masiku. Ndipo chonde, linseed akasowa musathiremo mafuta ophikira, chithunzi chidzakhala chonata mpaka kalekale. Vanishi dikirani miyezi 6 kapena kuposa. Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha; ziyanikeni panja chotambasula.

Za O'Keeffe, kulitsani chithunzicho pafoni muone kuti mabulashi ake saoneka. Ankasakaniziratu mitundu yake mosamala, ankapaka mopyapyala, n'kulumikiza mtundu ndi unzake utoto udakali wauwisi. N'chimodzimodzi pa duwa lake loyera la mu 1932, Jimson Weed/White Flower No. 1, lija linagulidwa pa mtengo wa madola 44.4 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Sotheby's mu 2014. Amati duwa loyera, koma mukaliyang'anitsitsa mkati mwake muli zobiriwira, zachikasu ndi zabuluu.

Wabulashi:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Amayi, ndaika pepala pambali pa chigaza monga mwanenera, ndipo n'zoonadi, fupali ndi lachikasu, m'ming'alu ya pamphumi muli timizere totuwa timene sindinkationa. Umber ndili naye, ultramarine ndili naye, ochre ndiye ndikafunafuna.

Achimwene MwanaWaAbusa, mfundo yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Ndamufufuza Russell, kang'ombe kowonda kaja n'komvetsa chisoni. Koma ndaonanso kuti iye yemwe posaina zithunzi zake ankajambula kachigaza ka njati pafupi ndi dzina lake, ndiye ngakhale woweta weniweniyo fupa silinamuchoke m'maganizo. Ine ndikadali kumbali ya O'Keeffe. Russell amandiuza zimene zinachitikira ng'ombe, pamene mayiyu amandikakamiza kuyang'ana mmene mutu wa ng'ombe unapangidwira, ndipo panopa chimene ndikufuna kuphunzira n'chimenecho. Ng'ombe yamoyo ndidzaijambula ndikadziwa zimene zili kunsi kwa chikopa.

Funso lina kwa amayi: nyanga za chigaza changa n'zakuda kunsonga ndipo zimanyezimira mosiyana ndi fupa. Ndizipake ndi mitundu yomweyi n'kungowonjezera umber, kapena pamafunika mtundu wakuda wapadera?