Ndalandira zikalata za apolisi zija: zomwe zandithandiza kuno ku Indiana

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pa funso langa la momwe ndingapezere zikalata za apolisi mu county (dera lokhala ngati boma laling'ono kuno ku America) ya kumudzi yomwe ndimakhala, akuba atathyola nyumba yanga yosungiramo katundu n'kuba jenereta, popeza a inshulansi anafuna umboni wolembedwa.

Ndinatsatira malangizo a mayi wina amene anati ndileke kumangoimba foni, koma ndilembe kalata ku ofesi ya sheriff (mkulu wa apolisi a county) motchula lamulo la Access to Public Records Act (lamulo la ku Indiana lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma), tsiku la mlandu, malo ake ndi nambala yomwe wapolisi anandilembera pakapepala usiku womwewo. Lamuloli limawapatsa masiku 7 oti ayankhe pempho lotumizidwa pa imelo, ndipo iwo anayankha nthawiyo isanathe, kenako ndinapita kukatenga mapepala pawindo nditalipira ndalama zochepa zochitira fotokope.

Chimene ndinali ndisakudziwa ndi chakuti zikalatazi n'zamitundumitundu. Kaundula wa tsiku ndi tsiku wa milandu ndi madandaulo omwe apolisi alandira, komanso dzina la munthu womangidwa ndi mlandu womwe akuganiziridwa, apolisi amayenera kuzionetsa kwa aliyense. Koma zolemba za kafukufuku ali ndi mphamvu yozibisa, ndipo zanga anandimana ndithu. Zinandiwawa, komabe a inshulansi anakhutira ndi kaundulayo.

Amene mwakanizidwa popanda chifukwa chomveka, mukhoza kudandaula kwa Public Access Counselor (mlangizi wa boma woona za ufulu wopeza zikalata zotere) ku Indianapolis pasanathe masiku 30, ndipo mlandu ukafika kukhoti muuyang'ane pa webusaiti ya makhoti a ku Indiana ya mycase.in.gov.