Zija ndinafunsa za umboni wa mlamu wanga

Mwezi watha ndinafunsa ngati khoti lingataye mawu amene mlamu wanga kuno ku Thyolo anavomera atamenyedwa pomufunsa za kuba tiyi. Loya watifotokozera, ndipo zandiwawa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limaletsa kukakamiza womangidwa kuvomera mlandu. Koma gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni m'khoti, limalolabe mawuwo kuwerengedwa m'khoti, ngakhale munthu anene kuti anamukakamiza. Chomuteteza n'chakuti majisitireti sangawadalire pokhapokha atakhutira popanda chikaiko kuti anawanenadi ndiye, ndipo ndi oona.

Kwa ine, izi zikupatsa mphamvu omenyawo. Pakadali pano tatenga lipoti la kuchipatala losonyeza mabala, loya akalipereka tsiku la mlandu.